Mwamuna wa Amenan Kumsana Kwanga

Kuno ku America, kuchoka ku South Bend kupita ku Indianapolis si ulendo woti munthu n'kukhalira pansi kuukamba. Umalowa msewu wa 31, n'kuloza kummwera, maola atatu asanakwane wafika. Ndauyenda msewuwu kambirimbiri, popita ku maukwati, ku maliro, ngakhale kokagula ufa ndi usipa ku Lafayette Square. Koma ulendo umodzi unanditengera tsiku lathunthu, ndipo theka lake ndinauyenda nditabereka mwamuna wa mnzanga.

Mnzangayo ndi Amenan, mayi wa ku Ivory Coast, wa mtundu wa Abaule. Tinkagwira ntchito limodzi kunyumba yosamalira okalamba, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Iye Chichewa sadziwa, ine Chifalansa chake sindimva, ndiye tinkakumana pa Chingerezi chothyoka mbali zonse ziwiri. Impso zake zitafa anasiya ntchito n'kuyamba kupita kumakina otsuka magazi. Mwana analibe, mwamuna yemwe anakwatirana naye kwawo anamusiya kalekale, choncho kiyi wina wa nyumba yake ndinkasunga ndine.

M'mawa wa tsikulo, mu January, foni inalira ndikuchotsa sinowo, chipale chofewa chija, pakhomo ndi fosholo. Amenan anali atapita ku Indianapolis dzulo lake kukaonedwa ndi madokotala ake, n'kugona kwa mwana wa mchemwali wake.

"Esnart, impso yapezeka. Ndili kale kuchipatala."

Ndinaponya fosholo uko n'kuimba nthungululu, mpaka azungu oyandikana nane anasuzumira pawindo. Impso imeneyo tinaipempherera zaka.

"Usayambe wakondwa," anatero. "Ku thiyeta sindilowa. Mwamuna wanga ali ku South Bend, ndipo sindinamutsazike."

Ndinadziwa yemwe ankanena, chifukwa anandifotokozerapo tsiku lina tikupinda zofunda za okalamba. Abaule amati munthu asanabadwe amakhala ali kudziko lina, ndipo kumeneko amasiyako mkazi kapena mwamuna. Wosiyidwayo nthawi zina amachita nsanje, n'kumasokoneza ukwati wa pansi pano, kapena thanzi, kapena mimba. Zikatero woombeza amalamula kuti amusemere thupi la mtengo, lokongola momwe mwiniwakeyo akufunira, kuti akhale pafupi mtima wake ugwe. Amamuika kuchipinda, kumufunda nsalu yoyera, kumudzoza mafuta, ndipo tsiku limodzi pa sabata limakhala lake. Wa Amenan anasemedwa iye ali mtsikana, mimba zitayamba kuchoka. Pamisa ankapita Lamulungu lililonse, koma Lachinayi linali la mwamunayo, ndipo iye sankaonapo chosemphana.

"Wapenga kodi?" ndinakalipa. "Ukataye impso chifukwa cha chiboliboli?"

"Madokotala akuyeza magazi anga ndi a mwini impso. Akuti pofika 6 koloko madzulo akufuna yankho, ndikakana aimbira wina. Ndikakagona patebulo lija osamuuza, sindidzuka. Iwe ukhoza kunena kuti ndi misala, koma thupi lokang'ambidwalo ndi langa. Mwana wa mchemwali wangayu ndi wobadwanso mwatsopano, wakana ngakhale kumva. Watsala ndiwe."

Ine ndine mayi wa Chigwirizano, yunifolomu ndili nayo, ndipo za mizimu ndinazisiya kwathu ku Dowa. Koma pa mawu akuti kutsazika ndi pomwe anandigonjetsa. Chifukwa chake ndinena tikafika ku Plymouth.

Anandipatsa malamulo atatu. Ndisamuvundukule kumutu, ndipo wina aliyense asaone nkhope yake. Ndisamugoneke chafufumimba. Ndisamuike pansi kapena ku buti ngati katundu.

Kuyendetsa galimoto ndimatha, koma pa sinowo mumsewu waukulu sindiyerekeza n'komwe. Ndinaimbira alamu anga a Kamwendo, achimwene ake a malemu amuna anga, mkulu wa mpingo wathu, munthu yemwe amavala tayi ngakhale popita kotaya zinyalala. Anali ndi galimoto yakalekale yomwe tonse tinkaitchula kuti Yobu, chifukwa cha mavuto omwe inapirira. Ndinangowauza kuti Amenan wapeza impso ndipo akufuna katundu wake wofunika madzulo asanafike. Sindiname, kungoti sindinamalize.

"Ambuye alemekezeke! Ndikupikani pompano, alamu, ndingotenthetsa kaye injini."

Iwo anatsala panja injini ikulira, ine n'kukwera kunyumba kwa Amenan. Pabalaza pake panali chigoba chomwe ndinachizolowera, chozungulira ngati lichero, cha nyanga ziwiri ndi maso otuzuka. Chimenecho Amenan ankachiseka yekha, ati anachigula pamsika wa alendo, sichinavinepo, n'chongokometsera khoma. Choopsa chinali kuchipinda, komwe ndinali ndisanalowemo. Ndinapezeka ndikuti "Odi" m'nyumba yopanda munthu. Pakona panali kampando, pakampandopo chinthu choimirira chofundidwa nsalu yoyera, kutalika kwake ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala. Pambali panali kambale kokhala ndi timakobiri ndi dzira. Ndinakulira kudera la gule wamkulu, ndiye mtima wa mkazi wa ku Dowa umadziwa zinthu zosayenera kuyang'anitsitsa.

"Pepani bambo," ndinanong'ona, "ine ndangotumidwa."

Ndinamukulunga ndi nsalu yake yomweyo, kenaka ndi chitenje chomwe sichichoka m'chikwama changa. Kulemera kwake kunali ngati kwa khanda.

A Kamwendo sanyamuka osapemphera. Anapempherera msewu, matayala, madokotala, banja la yemwe anamwalira n'kusiya impso, ndi katundu yense amene tanyamula. Pa katunduyo ndinayankha "Ameni" wamphamvu. Tinatuluka mu South Bend sinowo ikugwa yopingasa. Mpaka ku Lakeville tinayenda kumbuyo kwa chigalimoto chokankha sinowo, liwiro la ngolo ya ng'ombe, ndipo m'mbali mwa msewu tinaona magalimoto angapo atalowa m'ngalande. Ine phukusi langa lili pamiyendo, nditalikumbatira choimiritsa.

Pa Plymouth tinaima kuthira mafuta. Atabwerera m'galimoto anandiyang'ana, n'kuyang'ana phukusi.

"Alamu, bwanji osachiika ku buti chimenecho? Mufika mutatopa. Ndi mashini otsukira magazi aja kapena?"

Ndinawauza zonse. Kiyi anali kale m'manja, koma anamubweza m'thumba la jekete.

"Fano? M'galimoto mwanga? Ndiye mwandipempheretsa ine, mkulu wa mpingo, kuti ndidalitse fano? Ayi, alamu, apa ndiye mwandilakwira. Tibwerere. Kapena tipite tokha, tikamupempherere mayiyo, amasuke."

"Mwana wa mchemwali wake wakhala akumupempherera kuyambira m'mawa. Wamasuka?"

"Ndiye ife tikhale mbali ya mdima? Lamulungu likubwerali ndikaime bwanji kutsogolo?"

Apa ndiye ndinapsa mtima. Tsiku lomwe ndinkachoka ku Malawi, amuna anga a Fanuel anali kuntchito ku Kasungu. Anakwera minibasi m'mamawa kuti adzanditsazike pabwalo la ndege, koma minibasiyo inafera pa Mponela. Anafika ine nditalowa kale mkati. Tinkalankhulana pafoni, iwo n'kumaseka kuti tidzatsazikana bwino ndikadzabwera ku holide. Anamwalira mapepala anga okhalira ku America asanatuluke, ndipo ngakhale kumaliro sindinapite. A Kamwendo zonsezi ankazidziwa, uthenga wa maliro anabwera nawo kunyumba kwanga ndi iwowo.

"Alamu," ndinatero, "ang'ono anu ndinawatsazika ine?"

Sindinalekere pomwepo.

"Ine sindikupembedza mtengowu. Kaya muli mzimu, kaya mulibe, akadziwa ndi Mulungu. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mnzanga akufuna kutsazika asanagone patebulo, ndipo akapanda kutero impso ipita kwa wina. Mukabwerera, nditsitseni pompano, ndikwera zimene ndipeze."

Galimoto ya kumbuyo inaliza hutala. A Kamwendo anatulutsa kiyi uja.

"Chisakhudze giya," anatero.

Tinadutsa Argos, tinadutsa Rochester, minda yoyera mbali zonse, mapesi a chimanga akusuzumira pamwamba pa sinowo. A Kamwendo anayamba kuimba nyimbo za m'buku, mokweza, nkhope ili kutsogolo koma mawu akulunjika pamiyendo yanga. Ine ndinkathira alito, chifukwa nyimbozo ndi zanganso.

Ali pa nyimbo yachitatu hita inasiya kupuma. Kenaka mawaipa anayamba kuyenda ngati nkhalamba ikuweyula udzudzu. Timagetsi tapatsogolo tinayaka tonse nthawi imodzi, n'kuzima tonse. Yobu anatsetsereka yekha kulowa m'mbali mwa msewu n'kufa, tisanafike pokhotera ku tauni ya Peru.

"Ndinanena ine!" anatero a Kamwendo, akumenya chiwongolero. "Galimoto iyi yandiyendetsa mpaka ku Texas, siinafepo pamsewu. Lero yanyamula chimenechi, yafa."

"Alitaneta imeneyo makaniko anakuuzani chaka chatha, alamu. Ndinalipo."

Anaimbira a magalimoto okoka. Kumeneko anawayankha kuti tsikulo magalimoto ogwera m'ngalande ndi ambiri, tidikire mpaka madzulo. Nditamva mawu akuti madzulo, ndinaona Mponela. Minibasi inandilanda kutsazika kwanga ndili kutali, ndilibe chochita. Apa ndinali ndi miyendo.

A Kamwendo anakumbukira kuti basi yochokera ku South Bend imadutsa masana n'kuima pafilingi ina, pomwetsera mafuta, patsogolo pathu, ankaikwera ali pasukulu. Ndinatsika. Mphepo inandimenya kumaso ngati mbama. Ndinayesa kuyenda phukusi lili m'manja, koma pansi panali poterera, ndipo kugwa kukanatanthauza kumugoneka chafufumimba mwamuna wa mwini pa sinowo. Ndinachita chomwe thupi langa limadziwa. Ndinamasula chitenje, kuwerama, kumukhazika kumsana ali m'nsalu yake yoyera, kukokera chitenje pansi pa mapazi ake, n'kumanga mfundo pachifuwa. Amati mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Za mwamuna wa mnzako akuluakulu sananenepo kanthu.

Nditacheuka, ndinaona alamu anga ali m'munda wa mzungu, tayi ikuuluka, akuthyola mapesi. Anawayala mumsewu kumbuyo kwa Yobu, mulu apa, mulu apo, monga timachitira kwathu ndi masamba kuti obwera adziwe kuti kutsogolo kwafa galimoto. Lole yoyamba kudutsa inawaulutsa onse. Anaima n'kuwayang'ana akuuluka, kenaka anatseka zitseko n'kunditsatira.

"Sindikuperekeza chimenecho," anatero akupuma mwawefuwefu. "Ndikuperekeza mkazi wa mng'ono wanga."

Tinayenda m'mbali mwa msewu, malole akutithira matope a madzi oundana. Nsapato zanga za kuntchito zinanyowa msanga, zala za kumapazi n'kusiya kumveka. Sitinapite patali, pikapu ina inaima patsogolo pathu. Anali mkulu wina wachizungu, mlimi, ndevu zoyera, ndipo anatsika akukalipa kuti ndi anthu otani oyenda ndi khanda kunja kotere. Anatikweza kutsogolo, n'kukweza hita mpaka pamapeto. Ine ndinakokera phukusi kutsogolo monga amachitira mayi aliyense pokhala pansi. Njira yonse mkuluyo ankalankhula monong'ona kuti asadzutse mwana.

"Alamu, tikunama," anatero a Kamwendo m'Chichewa.

"Ndanena chiyani ine? Mwandimva ndikutsegula pakamwa?"

Anatitsitsa pafilingi paja, n'kukana ndalama ya mafuta. Potsazika anati mwana wathu ndi wofatsa kuposa zidzukulu zake zonse.

Matikiti ankagulitsa mayi wa pakauntala yemweyo wogulitsa khofi, madola makumi awiri ndi kanthu munthu mmodzi. Anayang'ana chitenje changa n'kunena kuti mwana wosakwana zaka ziwiri salipira, bola akhale pamiyendo.

"Ameneyu zaka zake zaposa makumi atatu," anang'ung'udza a Kamwendo, koma anang'ung'udza m'Chichewa.

Basi inachedwa. Palibe chowawa ngati kudikira uku ukudziwa kuti wina akuwerengera nthawi yomweyo ali pabedi la chipatala. Tinakhala pamipando iwiri yapulasitiki pafupi ndi firiji ya zakumwa. Ndinavula nsapato n'kuumitsa masokosi pa makina opukutira m'manja kuchimbudzi, phukusi lili kumsana. A Kamwendo anagula khofi ndi mabanzi otsekemera. Galimoto iliyonse yaikulu ikamatulukira ndinkaimirira, n'kupeza kuti ndi lole ya nkhumba. Mayi wa pakauntala ankangoti ikubwera, msewu wa kumpoto ndi woipa, ngati kuti ife tachokera kwina.

Foni inalira. Anali Amenan.

"Magazi agwirizana, Esnart. Akuti impsoyo ili ngati inabadwira ine. Muli pati?"

"Tayandikira," ndinatero. Limenelo lokha ndiye linali bodza, ndipo a Kamwendo sanandidzudzule.

Basi inafika dzuwa litapendeka, yoyera ndi mchere wa mumsewu. Inali yodzaza ndi ana a sukulu obwerera ku makoleji, msilikali mmodzi wogona, ndi fungo la zovala zonyowa. Mnyamata wina ataona chitenje anandisiyira mpando wa kutsogolo. Pafupi nane panali mayi wina wachikuda wa konkuno ku America, wamkulu thupi, chipewa chofiirira, maso akuthwa. Anandiuza kuti anali nesi wa ana mpaka anapuma. Mtima wanga unangoti phaa.

Zaka zimenezo msewu wolambalala Kokomo unali usanathe, ndiye basi inkadutsa mkati mwa tauni, ndipo Kokomo ndi tauni ya maloboti. Loboti iliyonse inkatidikira kuti tifike ndiye ifiire. Ine maso pa wotchi, mayi uja maso pa ine.

"Mwanayo ndi wa miyezi ingati?"

Ndinamwetulira ngati sindimva Chingerezi.

"Mayi, mwamuphimba kumaso. Akupuma bwanji? Chikwerereni sanatakasukepo."

"Ali bwino," ndinatero.

"Ndimuone."

"Sizitheka."

Sindimuimba mlandu mayiyo. Ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi. Anaimirira n'kupita kwa dalaivala, ndipo titangotuluka mu Kokomo basi inapatukira m'mbali n'kuima. Dalaivala anabwera, bambo wamtali wotopa ndi msewu, n'kunena kuti sakufuna mavuto, koma ndimuonetse mwanayo, apo ayi aitana apolisi ndipo tonse tidikira pompo. Ngakhale msilikali uja anadzuka.

Apolisi akanabwera akanavundukula okha, ndipo nthawi ikanatha. Kuvundukula ndekha kunali kuphwanya lamulo loyamba, pamaso pa basi yathunthu, ndipo Amenan akanandifunsa sindikanatha kumunamiza. Ndinaganiza msanga. Iye anati nkhope. Za mapazi sananene.

Ndinamasula chitenje cha m'munsi, n'kupinda nsalu yoyera pang'ono. Panatuluka timapazi tiwiri takuda, toima pa kathabwa kozungulira, tosalala ndi kunyezimira chifukwa cha mafuta a zaka zonse zija. Zala zonse zinalipo, chilichonse ndi chikhadabo chake, ndipo pa akakolo panali kamkanda koyera. Inenso kanali koyamba kuona. Mmisiri amene anasema zikhadabo zimenezo sankasema choseweretsa.

Nesi uja anagogoda phazi limodzi ndi chala. Linalira kuti go, go.

"Ambuye Yesu," anatero. "Ndi chidole?"

Ndisanayankhe, a Kamwendo anaimirira n'kukonza tayi. Analankhula ndi Chingerezi chawo cha paguwa, chomwe amasungira maukwati. Anati ichi si chidole, ndi mwamuna wa munthu. Anati mkazi wake ali m'chipatala ku Indianapolis, impso ikumudikira, ndipo sakalowa ku thiyeta asanatsazikane naye, chifukwa ndi mwambo wa kwawo. Anati iwo eni ake ndi mkulu wa mpingo ndipo za mwambowo sagwirizana nazo ngakhale pang'ono, koma ikakwana 6 koloko basi ili pano, mayiyo abwerera kumakina, ndipo aliyense m'basi muno akhala ndi gawo lake pa nkhaniyo.

Nesi uja anatembenukira kwa dalaivala.

"Ndiye mwaimiranji? Yendetsani basi!"

Anthu anaseka, ena anaomba m'manja, basi n'kunyamuka. Mtsikana wina wa ku koleji anabwera kudzagwada pafupi nane, ati zosema ngati zimenezi anazionapo kunyumba yosungirako zinthu zakale, zitaima m'magalasi, ndipo ndi zokongola kwambiri. Anapempha kujambula nkhope. Ndinakana. Atabwerera kumpando wake ndinayamba kuganiza za enawo, oima m'magalasi opanda nsalu, aliyense wodutsa n'kumawayang'ana. Onsewo anali amuna ndi akazi a anthu. Kaya eni ake anawatsazika, kaya anangodzuka n'kupeza pakona palibe kanthu.

Tinadutsa njira ya ku Tipton kukuyamba kuda. Ku Westfield msewu ankaukonza, migolo yofiira ili ndandanda, magalimoto onse othinana mu mzere umodzi, ndipo inali nthawi yoweruka. Basi inkayenda pang'ono n'kuima, pang'ono n'kuima. Nesi uja anatenga foni yanga n'kuimbira yekha kuwodi. Analankhula nawo chinenero chawo cha manesi, mwaukali koma mwaulemu, ndipo pobweza foni anati atipatsa kanthawi pang'ono, koma tisawayese. Ku Carmel a Kamwendo anatseka maso n'kuyamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Sindinawafunse kuti akupempherera ndani.

Titalowa mu Indianapolis, nesi uja anapitanso kwa dalaivala. Lamulo lake linali lotsitsa anthu kudepoti kokha, koma pa loboti ina yofiira pafupi ndi chipatala chitseko chinatseguka, ndipo dalaivalayo anayang'ana kumbali ngati sakuona. Tinatsika. Ndinabwezera phukusi kumsana, kumanga mfundo kawiri, n'kuyamba kuthamanga. Mayi wa zaka zanga, nsapato zonyowa, kumbuyo mkulu wa mpingo atanyamula chikwama changa cha m'manja. Kaya 6 koloko inali itakwana, kaya inali itadutsa, sindinayang'anenso.

Tinamupeza Amenan atakhala m'mphepete mwa bedi, atavala zovala zake za kunyumba, nsapato kumapazi, chikwama pamiyendo, ngati munthu wodikira basi. Chovala cha ku thiyeta chinali chopindidwa pambali. Dokotala wina wamkazi anali chiimire pakhomo, foni m'manja. Amenan anandiyang'ana kumaso, kenaka pachifuwa pomwe panali mfundo, kenaka anaona kamutu koyera kakusuzumira paphewa langa. Anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, ndipo kusekako kunasanduka kulira osadukiza.

"Wamubereka? Esnart, wamubereka ngati mwana?"

"Pansi sanagunde, chafufumimba sanagone, nkhope palibe waiona. Mapazi okha, ndipo ndidzakufotokozera."

Ndinawerama, iye n'kumulandira ndi manja awiri. Anapempha kuti tonse tituluke, nesi n'kukoka katani. Tili pakhonde tinkamva mawu ake m'chinenero cha kwawo, otsika, osathamanga, ngati mayi amene akuuza bambo wa m'nyumba komwe akupita, chifukwa chake, ndi tsiku lobwerera. Sizinatenge nthawi. Madzi a tiyi sakanawira n'komwe.

Ine ndinatsamira khoma n'kulira. Ndinakondwa, koma ndinachitanso nsanje, ndipo sindibisa. Kanthu kakang'ono chonchi, mawu ochepa chonchi, ndi komwe ine ndinamanidwa. A Kamwendo anaima pafupi nane n'kundipatsa mpango wawo wa m'thumba, wositidwa bwino.

Katani itatseguka, Amenan anali atavula nsapato. Anauza dokotala kuti ali wokonzeka. Dokotalayo anaika foni m'thumba, ndipo anthu anayamba kuthamangathamanga. Pomutulutsa pa bedi la matayala, Amenan anandipatsa phukusi lija, atalifunda bwino.

"Ndi wansanje, sakonda alendo," anatero. "Koma msana wako wauzolowera. Umusunge mpaka ndidzuke."

"Udzukadi," ndinatero. "Watsazika."

Impso ija ikugwira ntchito mpaka lero, ndipo nkhope ya mwamunayo sindikuidziwabe. Koma nthawi imeneyo sitinkadziwa kuti zitha bwanji. Anatilozera chipinda chodikiriramo achibale, chodzaza ndi anthu a nkhope zotopa. Mipando yopanda anthu inali itatu, yondondozana. Ine ndinakhala pa umodzi, a Kamwendo pa wina, n'kuika chipewa ndi jekete lawo pa wapakati. Msana unkandiwawa, koma pansi sindikanamuika, ndiye ndinangomukumbatira pamiyendo monga ndinachitira kuchokera ku South Bend.

A Kamwendo anandiyang'ana kanthawi. Kenaka anachotsa chipewa ndi jekete pampando uja, n'kuupukuta ndi dzanja.

"Akhazikeni apa, alamu," anatero. "Nawonso adikire atakhala. Mkazi ali mkatimo ndi wawo."